Kanema wa Umbanda ndi Oweruza a M'chisakasa

Msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma, ndalama zimayamba kuyenda m'malo onse a malonda a m'boma la Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya. Ogulitsa njinga, malata ndi zitenje amaidziwa bwino nyengo imeneyi, ndipo enanso amene amaiyembekezera ndi eni zisakasa zoonetseramo kanema, zimene anthu amazitcha vidiyo sho. Dzuwa likangolowa jenereta imayamba kulira, anyamata amene atandala tsiku lonse akudinda mabelo pa jeke amalipira pakhomo ndi kukhala pamabenchi, ndipo kwa maola awiri amaiwalako ngongole ya feteleza. Kanema akatha anthuwo sabalalika msanga. Amaima panja m'magulumagulu ndi kuyamba kuweruza zimene aonazo, ndipo mkangano umakula kwambiri akakhala kuti kanemayo anali wa umbanda, wopangidwa ndi ndalama zochepa, wopanda ngwazi yogonjetsa adani makumi awiri ndi chibakera chimodzi.

Oweruza amenewa sayenera kupeputsidwa. Dziko la Malawi linakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka chaka cha 1999, ndipo nyumba za sinema zinali za m'mizinda, kotero kuti munthu wa ku Chamama kapena ku Chulu ankaona kanema pokhapokha galimoto ya boma ya zofalitsa nkhani ikafika pabwalo la sukulu. Koma kuyambira pamene makina a vidiyo anafika m'midzi, kenaka zimbale, kenakanso mafoni a m'manja, mnyamata wa pamalo a malonda waona makanema ochuluka kuposa mabuku amene mphunzitsi wake anawerenga ali ku koleji. Waona a ku Hong Kong, a ku India, a ku Nigeria ndi a ku America. Iye sadziwa maina a akatswiri olemba za kanema, komabe amadziwa msanga pamene nkhani yayamba kunama.

Mtundu wa kanema umene ukukambidwa pano uli ndi dzina lake. M'chaka cha 1946 wolemba wina wa ku France, Nino Frank, ataona makanema a ku America amene anafika ku Paris nkhondo yaikulu itatha, anawatcha film noir, kutanthauza kanema wakuda. Kuda kwake kunali kuwiri: zithunzi zake zinali za usiku ndi mithunzi, ndiponso mitima ya anthu a m'nkhanizo sinali yoyera. Mwini nkhani sakhala mbava yobadwa nayo. Amakhala munthu wamba amene wapanikizika ndi ngongole, umphawi kapena chilakolako, nachita cholakwa chimodzi poganiza kuti chimupulumutsa, koma cholakwacho chimabala chinzake mpaka njira yobwerera itatsekeka. Makanema otsatira njira yomweyi amene anapangidwa m'zaka za pambuyo pake amatchedwa neo-noir, ndiye kuti kanema wakuda wa makono.

Dandaulo limene limamveka msanga panja pa chisakasa ndi lakuti kanema wotere ndi wosauka: mulibe magalimoto ophulika, anthu ake ndi owerengeka, ndipo theka la nkhani likuchitikira m'chipinda chimodzi. Dandauloli liyenera kuyankhidwa ndi mbiri. Kanema wotchedwa Detour, amene Edgar G. Ulmer anapanga mu 1945, anajambulidwa m'masiku owerengeka ndi kampani yaing'ono yosowa chuma, ndipo mbali yaikulu ya nkhani yake imachitikira m'galimoto ndi m'chipinda chogona alendo. Komabe mu 1992 dziko la America linamuika m'kaundula wa makanema oyenera kusungidwa ngati chuma cha fuko. Christopher Nolan, amene pambuyo pake anapanga makanema odya mamiliyoni ambirimbiri, anayamba ndi Following mu 1998, kanema wa mnyamata wosowa ntchito amene anakopeka ndi mbala yothyola nyumba mu London. Anawononga ndalama pafupifupi madola 6,000 okha, ankajambula kumapeto kwa sabata chifukwa anzake onse anali pantchito, ndipo kuwala kwake kwambiri kunali kwa pawindo. Mtundu umenewu unakulira m'umphawi, ndipo mdima wake nthawi zina unkathandizanso kubisa kusowa kwa zipangizo.

Komatu apa oonera ali ndi mbali imene akulondola. Pali mdima umene wopanga kanema wausankha, ndipo pali mdima umene wangomugwera. Ngati nkhope ya munthu siikuoneka pamene iyenera kuoneka, ngati mawu akumezedwa ndi mphepo kapena phokoso la jenereta mpaka oonera kufunsana kuti wati chiyani, umenewo si umphawi ayi koma kusasamala. Anthu a pabenchi alipira ndalama imene akanagulira sopo. Amakhululukira malaya ong'ambika ndi mfuti yosema, koma sakhululukira mawu osamveka, ndipo opanga makanema a m'dziko muno akadamvera chiweruzo chimenechi bwenzi ambiri a iwo atayamba kugula chotolera mawu asanabwereke galimoto yodula yoti aonekeremo.

Chinanso chimene oonera a ku Kasungu salola ndi chilankhulo chabodza. Umboni wake ulipo, ngakhale kuti suchokera ku kanema wa umbanda kapena wa ndalama zochepa. Mu 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, mnyamata amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002 napanga makina oyendera mphepo opangira magetsi. Kanemayu anajambulidwa ku Kasungu konkuno, ndipo Chiwetel Ejiofor, amene anamutsogolera ndi kusewera ngati bambo wa mnyamatayo, anayesetsa kuphunzira Chichewa. Kunja kanemayu anatamandidwa. Kuno kwawo anthu ananyadira kuona minda ndi misewu yawo, komabe ambiri anadandaula kuti Chichewa cha osewera ena ochokera kunja chinali chovuta kumva. Mlendo woonera ku London amawerenga mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi ndipo sazindikira kanthu, koma khutu la mwini chilankhulo silinamizidwa. N'chifukwa chakenso omasulira makanema m'Chichewa, amene amalankhula pamwamba pa mawu a osewera ndi kuwapatsa maina a kumudzi, amakondedwa chotere. Nthawi zina amapotoza nkhani, inde, ndipo aphunzitsi a Chingerezi sawakonda, koma amadziwa mmene munthu wokwiya, wamantha kapena wonama amalankhulira pa Chichewa. Wolemba kanema wa umbanda ayenera kuphunzira kwa iwo, pakuti mbava ya pamsika siilankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi.

Tsono pali dandaulo lalikulu, lochokera kwa akuluakulu, atsogoleri a mipingo ndi aphunzitsi ambiri. Iwo amati kanema wotere alibe phunziro. Wakuba sagwidwa, wapolisi walandira chiphuphu, munthu wabwino ndiye wafa, nanga mwana atolapo chiyani? Amafuna kuti nkhani ithe monga nthano za kumphala zimathera, fisi atapsa mchira, kalulu atapulumuka, ndipo aliyense apite kwawo akudziwa kuti choipa chitsata mwini.

Maganizo amenewa si achilendo, ndipo si a ku Malawi kokha. Pa nthawi imene Detour ankapangidwa, makampani a kanema ku America anali ndi malamulo awo okakamiza kuti wopalamula asaoneke akupulumuka. N'chifukwa chake kanemayo amatha galimoto ya apolisi ikuima pambali pa mwini nkhani, ngakhale kuti woonera aliyense amaona kuti mathero amenewo angomatidwapo. Kuno nako lamulo loyang'anira zosangalatsa la 1968 linakhazikitsa bungwe lopima mabuku ndi makanema, ndipo kwa zaka zambiri lumo la bungwelo linkadula chilichonse chimene linkachiona kuti n'chosayenera. Mbadwo wonse unakula ukuona nkhani zimene mbava imagwidwa nthawi zonse, koma kuba sikunathe m'dziko.

Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, kodi phunziro la nkhani limakhala kumathero kokha? Mu 2010 Djo Tunda Wa Munga wa ku Congo anatulutsa Viva Riva!, kanema wa m'Chilingala, amene mu 2011 analandira mphotho zisanu ndi imodzi pa mpikisano wa Africa Movie Academy Awards. Nkhani yake ndi ya Riva, mnyamata amene akubwerera ku Kinshasa kuchokera ku Angola ndi migolo ya petulo wakuba pa nthawi imene mzindawo ulibe mafuta. Eni petuloyo akumulondola, msilikali wamkazi akukakamizidwa kuwathandiza, ngakhale wansembe akufunako gawo lake. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta m'dziko muno mu 2011 ndi 2012, ndi kuona zigubu zikugulitsidwa kuseri pamtengo wowirikiza, sangavutike kumvetsa nkhaniyi. M'kanemayu mulibe khothi, mulibe woweruza, mulibe wolalikira kulapa. Koma pofika kumapeto pafupifupi onse amene anathamangira petuloyo afa, ndipo wotsala ndi kamnyamata ka m'misewu kamene kaona zonsezo ndi maso ake. Woonera satuluka akusirira moyo wa Riva. Amatuluka akudzifunsa kuti kamwanako kadzakhala munthu wotani. Ngati limeneli si phunziro, ndiye kuti mawu akuti phunziro apatsidwa tanthauzo lopapatiza kwambiri.

Nkhani zotere siziyenera kufunidwa ku Kinshasa kokha, pakuti chigwa cha fodya cha Kasungu n'chodzala nazo. Kwa zaka zambiri lamulo linkalola maesiteti okha kulima fodya wa bale, ndipo alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa cha m'ma 1990. Maesiteti ankadalira matenanti, ambiri a iwo ochokera kutali monga ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, kumene malo olima ndi osowa. Tenanti ankafika ndi banja lake, napatsidwa chimanga, mchere, feteleza ndi makasu pa ngongole. Ankafesa nazale, kuokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, mkazi ndi ana akuthandiza. Pakutha pa nyengo fodyayo ankamugulitsa kwa mwini esiteti yekhayo, pa sikelo ya mwini esiteti, pa giredi ndi mtengo wonenedwa ndi mwini esiteti, ndipo ngongole zikachotsedwa ena ankatsala opanda ngakhale ndalama yokwerera basi kubwerera kwawo. Mu 2019 dziko la America linaimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti. Lamulo linasintha, koma ngongole siinachoke m'chigwamo, pakuti mlimi wolima pa mgwirizano ndi kampani nayenso amayamba nyengo ali ndi ngongole ya zipangizo imene idzadulidwe fodya akagulitsidwa.

Tsono aganiziridwe munthu wotere. Mwana wake wasankhidwa kupita ku sekondale, fizi ikufunika sabata ino, ndipo fodya wake ali m'chigafa koma ndalama yake idzabwera miyezi iwiri kutsogolo, itadulidwa kale. Usiku kukubwera venda ndi sikelo yake ndi ndalama m'thumba. Pajatu akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munthuyo akugulitsa mabelo awiri mobisa, ndipo kuti chiwerengero chikwane akuika fodya woipa ndi zinyalala pakati pa mabelo otsalawo. Kapitawo wazindikira, ndipo akufuna gawo lake kuti akhale chete. Mabelo aja akuwoloka malire usiku kulowera ku Zambia, monga mmene fodya wakhala akuzembetsedwera zaka zambiri mitengo ikatsika pa okushoni. Pamsewu pali wina woti apatsidwe kangachepe. Cholakwa chilichonse chikufuna chinzake chochibisa. Imeneyi ndi nkhani ya kanema wakuda yathunthu, ndipo siifuna galimoto yophulika. Ifuna chigafa, nyali, sikelo ndi anthu anayi odziwa kusewera.

Nanga nkhani imeneyi ithe bwanji kuti akuluakulu aja akhutire? Munthuyo akagwidwa ndi kumangidwa, iwo adzati phunziro lilipo. Koma anyamata a pabenchi, amene ena mwa iwo ndi ana a matenanti, adzafunsa za sikelo ija, za kapitawo uja ndi za amene analandira kangachepe pamsewu. Adzafunsa kuti mbava yeniyeni ndani pamene munthu waba fodya amene analima yekha. Kanema womanga wamng'ono yekha ndi kusiya enawo akudya bwino, kenaka n'kunena kuti chilungamo chachitika, ndiye amene akuphunzitsa bodza. Woonera wa ku Kasungu amaombera m'manja kanema amene wapolisi wake amalandira chiphuphu, osati chifukwa chokonda chiphuphu, koma chifukwa chakuti kwa nthawi yoyamba wina wavomera poyera chimene iye amachiona masana.

Izi zikukhudza kwambiri achinyamata amene angotsiriza sukulu. Mnyamata wokhala ndi satifiketi ya Fomu 4 koma wopanda ntchito ndiye amene venda amamufuna, chifukwa amadziwa kuwerenga sikelo ndi kulemba manambala. Ndiye amene amapemphedwa kuperekeza katundu usiku umodzi wokha. Ulaliki wakuti kuba n'koipa anaumva kuyambira Sitandade 1, ndipo sumuuza chatsopano. Chimene sanaonepo ndi mmene usiku umodziwo umasandukira mausiku khumi, mmene mnzake wa lero amasandukira mwini chinsinsi chake mawa, ndi mmene munthu amalephera kutuluka ngakhale atafuna. Kanema wakuda wopangidwa bwino amaonetsa zimenezi pang'onopang'ono, ndipo woonera amamva khosi lake likuthina pamodzi ndi la mwini nkhani.

Pali mfundo ina imene imamveka kawirikawiri kwa amayi, ngakhale kuti iwo salowa kwambiri m'zisakasa zija, ndipo mfundoyi ndi yoona. Makanema a mtundu umenewu, kuyambira kalekale, amakonda kuika mkazi wokongola ngati msampha umene mwamuna amakodwamo. Mu Detour muli Vera, mu Viva Riva! muli Nora. Nkhani ya pamsika wa fodya nayonso imakambidwa motero: bambo walandira ndalama, wasowa pakhomo sabata ziwiri, wabwera chimanjamanja, ndipo mlandu wonse umaponyedwa kwa akazi a m'malo omwera mowa. Koma amene anasoka fodya uja mpaka zala kuda ndi mkazi wa kunyumba, ndipo amene anatenga ndalama n'kuyenda nazo ndi miyendo yake ndi bamboyo. Wolemba wa kuno akangotengera chizolowezi chakunjachi osachiganizira, adzakhala atabwereza miseche ya pabawo. Nkhani ya mayi amene akudziwa kumene mabelo awiri aja anapita, ndipo ayenera kusankha pakati pa kuulula ndi kusunga banja, ili ndi mdima wokwanira popanda kubwereka mkazi wa milomo yofiira.

Aphunzitsi akulondolanso pa chinthu chimodzi chimene sichifuna mtsutso. Makanema ambiri a umbanda ali ndi nkhanza ndi zamaliseche zosayenera ana, ndipo Viva Riva! ndi mmodzi mwa iwo. Mwini chisakasa amene amalowetsa ana a yunifolomu nthawi ya sukulu, kapena kuwaonetsa za akuluakulu, ayenera kudzudzulidwa ndi mafumu ndi makomiti a sukulu. Koma kuteteza mwana wa Sitandade 5 ndi nkhani ina, ndipo kuletsa munthu wa zaka makumi awiri kuona dziko lake mmene lilili ndi nkhani inanso. Mphunzitsi wa Fomu 3 kapena Fomu 4 amene amaphunzitsa za mwininkhani, chiyambi, pachimake ndi mathero m'phunziro la mabuku angapindule kufunsa ophunzira ake za kanema amene anaona kumapeto kwa sabata: mwini nkhani analakwa pati poyamba, akanachita chiyani, ndani anapindula ndi kugwa kwake. Adzadabwa kuona ophunzira amene amakhala duu pa ndakatulo akulimbirana kuyankha.

Luso lopanga makanema m'dziko muno lilipo. Shemu Joyah anaonetsa zimenezi ndi Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, ndipo Joyce Mhango Chavula anapambana mphotho ya Africa Magic mu 2016 ndi kanema wake Lilongwe. Fatsani, wa Gift Sukali, anaonetsa moyo wa mtsikana wogulitsa malonda mumsewu ndi nkhanza zimene ogulitsa otere amakumana nazo. Ku Uganda, Isaac Nabwana anapanga Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zosafika madola 200, m'dera la anthu osauka la Wakaliga mu Kampala, ndipo oonera ake oyamba anali anansi ake omwe. Foni imene ili m'thumba la wotsiriza sukulu lero imajambula bwino kuposa kamera imene Nabwana anayambira.

Chimene chimasowa kawirikawiri ndi ulemu kwa oonera a kumudzi. Kanema wa ku Malawi akatha kupangidwa amakaonetsedwa koyamba m'holo ya mumzinda, kwa anthu ovala masuti amene amaombera m'manja chifukwa wopangayo ndi mnzawo, ndipo amafika pa Chatoloma kapena pa Mtunthama patapita miyezi, atakoperedwa kale mwakuba, wopangayo osalandirapo kanthu ndiponso osamva zimene anthu anena. Wopanga kanema wa nkhani ya fodya akadayenera kuchita mosiyana: apangane ndi mwini chisakasa cha pa Chinkhoma m'mwezi wa Meyi, pamene madalaivala, onyamula mabelo ndi alimi odikira kugulitsa ali pomwepo, agawane ndalama ya pakhomo, ndipo iye akhale pabenchi la kumbuyo. Akamva anthu akuseka pamene iye anafuna kuti achite mantha, alembe malo amenewo. Wina akakuwa kuti belo silinyamulidwa choncho, kapena kuti kapitawo salankhula choncho, abwerere kuchigafa akajambulenso.